Nambala ya Mtima Wanga ndi Bakuli la Evelina

Lolemba, 2 Juni 2025

Andigoneka lero masana, wodi ya amayi, bedi lachitatu kuchokera pakhomo. Kope ili wandigulira ndi mwana wanga Tikondane pagolosale ya pageti. Zaka 31 ndinaphunzitsa kemisitire ku sekondale, ndipo ndinkauza ana kuti chimene sunalembe sunachione. Ndiyambe ndi ine mwini.

Kulemera 78.4 kg. Bipi 158/96. Miyendo yatupa mpaka m'maondo, ndikadina ndi chala pamatsala kadzenje. Masabata atatu ndakhala ndikugona chokhala, ndimati ndi mphumu ya nyengo yozizira. Andiika mpweya m'mphuno, andibaya furosemide 40 mg pamtsempha, atenga magazi mabotolo atatu. Botolo limodzi lapita ku labu ina ya ku City Centre, pano alibe makina ake.

Ndatopa.

Lachiwiri, 3 Juni

77.1 kg. Ndapita kokataya madzi kasanu ndi kawiri chichokereni m'mawa. Akuti ndiyo ntchito ya jakisoni uja.

A Dokotala Chigomezgo ndi mtsikana wochepa thupi, woyankhula pansipansi. Abwera ndi pepala la ku City Centre. Chimene anayeza dzina lake ndi NT-proBNP, ndipo yanga ndi 8,420. Akuti munthu wobanika ngati ine akapezeka ndi nambala yosafika 300, amakayang'ana vuto kwina, mwina m'mapapo. Pa msinkhu wanga wa zaka 67, ikapitirira 900 amaloza mtima. "Mayi Zikhale, iyi si mphumu. Mtima wanu wafooka, sukupopa mokwanira, ndiye madzi akudzadza m'mapapo ndi m'miyendo."

Andifunsa ngati ndikumwa mankhwala ena, ogula kapena azitsamba. Ndayankha monyada ndithu kuti ine zimenezo ayi. Malamulo: mchere osakhudza, zakumwa zonse pamodzi zisapitirire lita imodzi ndi theka patsiku, sikelo m'mawa uliwonse ndisanadye.

Pabedi loyandikana nane pali Mayi Zakia, amagulitsa zitenje kumsika wa ku Area 1. Ali ndi shuga komanso bala lapaphazi losapola. Dokotala atangotuluka anandikodola.

"Aphunzitsi, tamasulirani. Zikwi zisanu ndi zitatu zachiyani?"

Ndinawauza motere. Mtima ukalemedwa, makoma ake amakokeka ngati chubu cha njinga chopopedwa mopitiriza. Akakokeka amatulutsa timadzi tina m'magazi, totuma impso kuti zitaye mchere ndi madzi, katundu apepuke. Popanga timadzito pamatsala chidutswa, monga makoko amatsalira poswa mtedza. Ku labu amawerenga makokowo. Akachuluka, ndiye kuti mtima waitana thandizo kambirimbiri.

"Ndiye mtima wanu wadandaula ka eyiti sauzande? Wanga asayeze. Ndi bambo a kunyumba aja, makina angapse."

Ndinaseka mpaka kutsokomola.

Lachitatu, 4 Juni

76.6 kg. Andiunika mtima ndi makina oonetsa pakanema. Pa magazi 100 aliwonse olowa m'chipinda chachikulu cha mtima, wanga ukukankha 35 okha. Wabwino umakankha kupitirira 50. Ayamba enalapril 2.5 mg kawiri patsiku ndi spironolactone 25 mg kamodzi.

Chakudya cha pano chikundikanika, ndikangonunkhiza mseru. Amene akundisunga ndi Evelina. Wagwira ntchito m'nyumba mwanga ku Area 14 zaka 22, anabwera Tikondane ali Fomu 1, bambo ake a Tiko akadali moyo. Amachoka ku Mtandire wapansi m'mamawa, kuphika kwathu, kenako kukwera kabaza ndi bakuli pamiyendo. Ndinamuuza dzulo kuti mchere asathire ndi pang'ono pomwe. Anangoti, "Ndamva, mayi."

Akundiphikira thelere lobala, lokhalo ndi limene likutsika pakhosi. Latsetsereka bwino ngakhale lilibe mchere. Zakia analawako nati, "Make Gladson, mukadzatopa nawo aphunzitsiwa mubwere kwathu." Evelina anaseka atagwira pakamwa. Gladson ndi mwana wake woyamba, nanenso ndimamuitana choncho.

Wandisambitsa kumsana, wandidzoza mafuta m'mapazi. Tikondane wafika faifi koloko kuchokera ku ofesi, wajambula mapepala onse pafoni.

Lachinayi, 5 Juni

76.5 kg. Yangotsika pang'ono. Achotsa mpweya kwa maola awiri, abwezeranso.

Chilungulira chavuta ndikatha kudya, monga mwa masiku onse.

Mayi wa bedi lapakona amutulutsa. Pabwera agogo ena a ku Mitundu, sayankhula, amangopenya denga.

Lachisanu, 6 Juni

76.7 kg. Yakwera.

Anatenganso magazi m'mawa, zotsatira zafika madzulo: nambala ya mtima ija ili pa 7,960. A dokotala akuti amayembekeza kuti pofika lero ikhala itatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Impso zili bwino, mtima sukudumphadumpha, ndiye palibe china choikweza. "Madzi akukana kuchoka. Penapake mchere ukulowa. Mukudya chiyani?" Akweza furosemide kufika 80 mg kawiri patsiku.

Ananena izi Tikondane ali pomwepo, Evelina akupukuta mbale. Dokotala atachoka Tiko anatembenuka.

"Anti, tiuzeni zoona. Mumathiramo chiyani?"

"Mchere sindinaukhudze chiyambire Lachiwiri, Tiko. Botolo ndinalibisa pamwamba pa kabati kuti dzanja lisazolowere."

Tiko anatenga supuni, nakanda thelere lotsalira m'bakuli, nalawa.

"Nanga bwanji zikukoma?"

"Iii, kukoma kwasanduka mlandu?" anatero Zakia ali pabedi lake.

"Pepani mayi, izi ndi za pabanja." Kenako kwa Evelina: "Ndikukudziwani, Anti. Simungaone munthu akukankha mbale. Mumathira kachitsine mwachisoni. Chisoni chanucho chitiphera Mami. Kuyambira mawa musabwere, ndiziphika ndekha."

Evelina anandiyang'ana. Anangondiyang'ana, nsalu yopukutira ili m'manja.

Ine ndinatseka maso. Ndilembe zoona: mpweya woyankhulira ndinali nawo. Koma mumtima ndinati, mwina anathiradi. Ndikumudziwa chifundo chake.

Anamanga bakuli m'nsalu, nati, "Mutsale bwino, mayi," napita.

Loweruka, 7 Juni

76.2 kg. Tiko wabweretsa mpunga ndi nkhuku yowiritsa, yoyera ngati pepala. Ndadya masupuni anayi.

Palibe wondidzoza mapazi.

Lamulungu, 8 Juni

75.3 kg. Amayi a kumpingo kwathu anabwera asanu, anaimba nyimbo ziwiri motsitsa mawu. Agogo a ku Mitundu aja anatsatira nyimbo yachiwiri ndi milomo. Ndi koyamba kuwaona akugwedeza pakamwa.

Amayiwo anasiya Fanta ndi mabanzi. Fanta ndapatsa owadikirira agogo.

Mmodzi anafunsa, "Evelina ali kuti, si uja sakusiyani?" Ndinati wapuma.

Lolemba, 9 Juni

74.1 kg. Mpweya achotseratu. Ndayenda mpaka kukhonde ndi kubwerako osaima. Akakolo ayamba kuoneka.

Tiko wasangalala, ndipo ndikumumvetsa. Ndi mwana mmodzi yekha, bambo ake anawaona akupita m'wodi ngati ino. Anandionetsa manambala a sikelo pafoni yake. "Mwaona, Mami? Chichokereni Anti, makilo awiri ndi theka. Umboni wina wotani?"

Ndinayesa kumuuza kuti Lachisanu tinasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi, wophika ndi mlingo wa mankhwala, ndipo mwana wa Fomu 2 amadziwa kuti ukatero sungaloze chimene chagwira ntchito. Anati, "Mami, pano si m'kalasi."

Wanena kuti mwezi ukatha Evelina asiye ntchito. Mnzake wa ku ofesi wokhala ku Area 43 akudziwa mtsikana wina amene anaphunzira zophikira odwala. Ndinati tidzakambirana ndikatuluka. Ndi mawu a munthu wamantha amenewo. Evelina ali ndi zaka 54, akulera zidzukulu ziwiri. Ndani adzamulembe ntchito atamva kuti anachotsedwa chifukwa chodwalitsa abwana ake?

Zakia sanandiyankhule madzulo onse. Amvetsera wailesi atandipatsa msana.

Lachiwiri, 10 Juni

73.2 kg.

Ndilemba bwinobwino.

Titadya masana chilungulira chinandigwira kwambiri. Ndinadandaula mokweza kuti, "Akanakhala Evelina bwenzi atandipatsa kasoda kanga." Zakia anatembenuka.

"Kasoda kake kati?"

"Soda yemweyu wophikira thelere. Theka la supuni yaing'ono m'madzi, chilungulira chimatheratu. Ndakhala ndikumwa zaka zitatu. Evelina amandibweretsera m'kapepala, ndinamuuza ndine."

"Mayi anga ankamwanso. Kodi aphunzitsi, sodayo amapanga ndi chiyani? Ndi phulusa?"

Munthu akandifunsa funso lotere ndimaiwala kuti ndikudwala. Ndinakhala tsonga, ndinatsegula tsamba lakumapeto kwa kope lino, ndinati, "Ayi, phulusa ndi chidulo. Soda ndi uyu," n'kulemba monga ndinkalembera pabolodi: NaHCO₃. "Na ameneyu ndi sodiyamu, yemwe uja ali mu mchere wa patebulo, amene amakoka madzi m'thu…"

Sindinamalize.

"Aphunzitsi? Ndiitane nesi?"

Ndinayang'ana zilembo ziwirizo nthawi yaitali. Ndazilemba pabolodi kosawerengeka. Ndakhala ndikuchotsera ana malikisi chifukwa choziiwala. Chimene dokotala akuletsa si kuwawa kwa mchere pa lilime, ndi sodiyamu. Supuni yaing'ono ya soda ili ndi sodiyamu wopitirirako theka la wa supuni ya mchere. Ine ndimamwa theka katatu patsiku, pano m'chipatala, kuseri kwa katani, kuwonjezera pa soda wa mu thelere limene ndinalipempha ndekha tsiku lililonse. Sindinamuwerengere ngati chakudya, sindinamuwerengere ngati mankhwala. Anali kasoda chabe. Ndipo kanatha Lachisanu, tsiku limene Evelina anathamangitsidwa, chifukwa panalibenso wondibweretsera.

Ndinamufotokozera Zakia zonsezi. Anamvetsera mpaka kumapeto, osandidula.

"Ndiye mayi uja sananame."

"Sananame."

"Hmm. Nanga mukuuza ine? Ndine amene mwandichotsa ntchito?"

Lachitatu, 11 Juni

72.6 kg. Bipi 124/78.

Ndawauza a dokotala pa ulendo wa m'mawa, ophunzira awo atatu ataima pambali. Sanandikalipire. Anakhala pamphepete pa bedi nati, "Inenso ndinafunsa za mankhwala ndi zitsamba, za soda sindinafunse. Kwathu ku Rumphi timaphikira yemweyo." Anauza ophunzirawo kuti alembe. Akuti sangalumbire kuti soda yekha ndiye anagwira madzi, mwina mlingo woyamba unalinso wochepa, koma sodiyamu wochuluka chotero amalimbana ndi furosemide ndithu. Andilembera mankhwala ena a chilungulira.

Tiko ndamuuza madzulo. Ndinamuonetsa tsamba lija. Anawerenga, nakhala pampando, chikwama chili pamiyendo.

"Komabe akanafunsa."

"Afunse chiyani, Tiko? Ndinati mchere, anasiya mchere. Ndinati soda, anabweretsa soda. Wodziwa kemisitire m'nyumba muja ndani?"

Anatseka kope lija. Kenako misozi. "Ndinawakalipira pamaso pa anthu, Mami. Anti amene ankandiperekeza ku depoti ndi thiranki pamutu."

Tamuimbira kanayi. Foni ikuitana, sakuyankha.

Lachinayi, 12 Juni

72.3 kg. NT-proBNP 4,310. Yatsika pafupifupi ndi theka. A dokotala akuti sidzafika pa ya munthu wabwinobwino msanga, mwina sidzafikako n'komwe, koma ikatsika chonchi munthu asanatuluke, mwayi wosabwereranso msanga umakula. Ayamba carvedilol 3.125 mg kawiri patsiku. Furosemide tsopano ndi wamapiritsi. Mawa ndituluka.

Ndimayembekeza kuti ndisangalala kuposa apa.

Tiko anapempha tchuthi cha theka la tsiku. Ku Mtandire anapeza loko, oyandikana nawo anati Evelina anapita kumudzi ku Mpingu Loweruka, kukathandiza achemwali ake kutonola chimanga. Anayendetsa galimoto mpaka konko. Wabwera yekha, nsapato zili fumbi.

"Ndawapeza pamkeka. Ndagwada, ndafotokoza zonse, ndapepesa. Achemwali awo anandipatsa mpando, iwo osasiya kutonola."

"Ati chiyani?"

"Akuti amva."

Zakia amuchotsa chala chimodzi chakuphazi lero. Wabwerako ali ziii ndi mankhwala, koma anatsegula diso limodzi nafunsa, "Make Gladson wabwera?" Ndinati ayi.

Lachisanu, 13 Juni

72.1 kg.

Ndikulemba nditavala kale, tikudikira mankhwala ku famase.

Evelina anafika teni koloko, pa minibasi, yekha. Wavala chitenje chake cha kutchalitchi ndi mpango woyera. M'manja mulibe bakuli. Anapereka moni kwa Zakia poyamba, namufunsa za phazi, kenako kwa agogo a pakona, kenako kwa ine.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Ndadzuka, make Gladson. Khalani apa."

Sanakhale. Anati wabwera kudzamva yekha kwa dokotala, pakamwa pa dokotalayo, zimene munthu wodwala mtima sayenera kudya. "Zomva kwa ena zandikwana."

A Dokotala Chigomezgo atabwera anamukokera mpando, nayamba: mchere, soda, timabuloko tokometsera ndiwo, usipa ndi nsomba zouma zothira mchere, soseji, tchipisi ta m'mapaketi. Kawiri konse ndinatsegula pakamwa kuti ndiwonjezere. Kawiri konse Zakia anatsokomola dala, ndinatseka.

Evelina anamvetsera manja ali pamiyendo. Kenako anafunsa:

"Nanga chidulo, adokotala? Poti soda mwaletsa, ine ndimaganiza zokatcheza chidulo cha zitsononkho kumudzi, thelere lizifewa."

Dokotala anaika cholembera pansi. "Mwachita bwino kufunsa, mayi. Chidulo ayi. Phulusa lili ndi potaziyamu wambiri, ndipo awiri mwa mankhwala awa amasunga kale potaziyamu m'thupi. Akachuluka, mtima ukhoza kungoima."

Ine ndinali nditaganiza kale za chidulo chomwecho Lachitatu, ndipo ndinadziyamikira kuti ndapeza njira. Sindinanene. Ndikulemba pano kuti pakhale poonekera.

Dokotala atapita, Evelina anati kwa Tiko, "Makiyi." Ndi pamene ndinadziwa kuti Lachisanu lija Tiko anamutsatira mpaka pageti la chipatala n'kumulanda makiyi a nyumba. Tiko anafufuza m'chikwama, nawapereka ndi manja awiri, atawerama. Evelina anawamanga pansonga ya chitenje.

"Tiko ndi mwana," anatero, akumanga mfundo. "Anachita mantha, ndamumva. Koma inu, mayi, munali pompo. Ndinakuyang'anani."

Ndinafuna kunena za befu, za kutopa, za mmene munthu wodwala amaganizira. Zonse zinali zokonzeka pakamwa, mwadongosolo lake.

"Ndinakuonani," ndinatero. "Ndinakukayikirani. Pepani, make Gladson."

Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Zakia anazimitsa wailesi.

"Ndamva. Ndiyamba Lolemba. Mawa ndi mkuja akuphikirani Tiko, mumve bwino kusiyana kwake."

"Mwalangidwa, aphunzitsi!" anakuwa Zakia, mpaka nesi anasuzumira.

Kenako Evelina anagwada kuti andiveke nsapato. Ndinati asiye, ndivala ndekha, ndawerama kale. Anandikankhira phewa kumbuyo ndi dzanja limodzi.

"Khalani bwino, mayi. Mugwa apa, ayambenso kunena kuti ndine."